Tidapita Kukagula Makina, Chipale Chofeŵa Chidatitsekera Njira

Pamene ndidali mphunzitsi wa pulayimale, ndisadaloŵe ntchito ya nyuzi, ndidaphunzitsapo ana za chipale chofeŵa. Ndinkajambula pabolodi nyumba ya denga losongoka, kenaka n'kudontheza timadontho ta choko pamwamba pake. Ana akandifunsa ngati chipalecho n'chimodzimodzi ndi matalala, ndinkangovomera, pakuti inenso ndidali ndisadachionepo. Ku koleji ya aphunzitsi tidangochiŵerenga m'buku. Ndidadzachiona ndi maso anga m'chaka cha 2018 ku Scotland, ndipo lero ndafuna kuti ndikusimbireni za ulendowo, aŵerengi, makamaka poganizira anzathu ambiri amene amatumidwa kunja kwa dziko lino ndi makampani, mabungwe ndi maofesi, atasenza ndalama za eni ake.

Kampani imene ndinkaigwirira ntchito nthaŵi imeneyo idamva kuti ku Scotland kuli makina osindikizira ogwirapo kale ntchito amene ankagulitsidwa pa mtengo wabwino. Makina athu adali atakalamba, ndipo sabata sinkatha osaima. Tsono akuluakulu adatuma anthu aŵiri. Wina ndidali ine, woti ndikakambe za mtengo ndi kusaina mapepala. Winayo adali mkulu woyang'anira makina athu, bambo waimvi amene adayamba ntchito yosindikiza ine ndikadali mwana wasukulu. Malangizo amene tidapatsidwa adali achidule: mukaone makinawo akuyenda, mukakhutira musaine, ndipo mubwereko. Ndalama za panjira adatiŵerengera za masiku asanu okha, ndipo nthaŵi imeneyo paundi imodzi inkagulidwa pafupifupi K1,000.

Tidanyamuka pa Chileka Lamulungu pa 25 Febuluwale, kuno kuli dzinja, chimanga chitayamba kukhwima m'minda. Ine ndidalongeza jekete ndi juzi limene ndimavala ndikamapita ku Dedza mwezi wa Juni, poganiza kuti chisanu ndi chisanu basi. Mayi akunyumba adandiumiriza kuti ndigule jasi lochindikala pa kaunjika, koma ndidawaseka, ndi kunena kuti sindikupita kukalondera. Kumapazi ndidavala nsapato za ku ofesi zosalala kunsi. Mnzangayo adatenga jasi, chipeŵa chaubweya ndi jombo, ndipo pabwalo la ndege ndidamuyang'ana mwachifundo, ngati munthu wosazoloŵera maulendo.

Tidafika ku Glasgow Lolemba madzulo. Mzinda umenewu si wachilendo kwenikweni kwa Mmalaŵi wodziŵa mbiri ya dziko lake. Chapafupi pomwepo pali tauni ya Blantyre, kumene David Livingstone adabadwira m'chaka cha 1813, ndipo amishoni a ku Scotland amene adakhazikika kumapiri a kumwera kwa dziko lino mu 1876 adatcha malo awo dzina lomwelo pomukumbukira. Ndidati tikatsiriza ntchito tidzapiteko kukaona. Ulendo umenewo sudatheke.

Lachiŵiri tidakhala tsiku lonse mu ofesi ya ogulitsa. Adatilandira bwino ndi tiyi, natisonyeza zithunzi ndi kanema wa makinawo akulavula mapepala okongola. Makina enieniwo adali m'nyumba yosungiramo katundu cha ku Stirling, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Glasgow podzera mseu waukulu wotchedwa M80. Tidapangana kuti Lachitatu masana atitengere kumeneko, mmisiri wawo akawayatse ife tikuona, Lachinayi tisaine, ndipo Lachisanu tikwere ndege kuti tchuthi cha pa 3 Malichi chidzatipeze tili kwathu.

Usiku womwewo chipale chidayamba kugwa mwamphamvu. Apa m'pamene ndidazindikira kuti ana aja ndidawanamiza. Matalala amabwera ndi phokoso, amamenya denga lamalata, amang'amba fodya m'munda, ndipo pakapita kanthaŵi amasungunuka. Chipale chofeŵa chimagwa mwakachetechete ngati thonje louluka, ndipo chikagwa chimakhala pomwepo, china n'kumaunjikana pamwamba pa chinzake. Tidadzuka Lachitatu m'maŵa mseu, kapinga ndi makwerero zitasanduka chinthu chimodzi choyera kuti mbee. Magalimoto oimikidwa m'mbali mwa mseu ankangooneka ngati zulu. Nditatuluka kuti ndikachigwire, sindidayende mapazi khumi, nsapato zanga zija zidandigwetsa chagada. Chisanu chake sichifanana ndi cha ku Dedza kapena cha chiperoni. Chimaŵaŵa m'makutu ndi m'zala ngati wakhudza moto, ndipo ngakhale masana chinkakhalabe pansi pa mlingo umene madzi amaundana.

Ena angafunse kuti zidatheka bwanji kuti dziko lozoloŵera chisanu lisokonezeke chotero. Kunena zoona, Britain sakhala ndi chipale chochuluka chaka chilichonse. Kaŵirikaŵiri mphepo yake imachokera kumadzulo, ku nyanja ya Atlantic, ndipo imabweretsa mvula ndi kafundidwe pang'ono. Koma pakati pa mwezi wa Febuluwale 2018, mpweya wa kumwamba kwenikweni, cha kumpoto kwa dziko lapansi, udatentha mwadzidzidzi, ndipo zimenezi zidafooketsa mphepo ya kumadzulo ija. M'malo mwake kudawomba mphepo yozizira koopsa yochokera kum'maŵa, cha ku Russia. Podutsa pa nyanja ya North Sea mphepoyo idatenga chinyezi, nidzachikhuthula pamtunda chili chipale. Eni dziko adaitcha Beast from the East, kutanthauza chilombo chochokera kum'maŵa. M'madera ena ozungulira Glasgow chipale chidaunjikana kupitirira masentimita 40, ndiye kuti kufika m'maondo mwa munthu wamkulu. Magalimoto a boma amawaza mchere m'miseu kuti madzi asaundane msanga, koma chipale chikamagwa mosalekeza chimakwirira mcherewo usadagwire ntchito, ndipo mphepo imabweza pamseu chimene akatapila angochotsa kumene.

A zanyengo a ku Britain, a Met Office, amachenjeza anthu pogwiritsa ntchito mitundu itatu. Chenjezo lachikasu limauza anthu kuti akhale tcheru, lamtundu wa lalanje limawauza kuti akonzeke, ndipo lofiira limatanthauza kuti moyo wa munthu uli pangozi. Lachitatu limenelo, pa 28 Febuluwale, adapereka chenjezo lofiira la chigawo chapakati cha Scotland, kuphatikizapo Glasgow ndi Edinburgh, kuyambira 3 koloko masana mpaka 10 koloko m'maŵa wa Lachinayi. Aka kadali koyamba kuti chenjezo lofiira la chipale liperekedwe ku Scotland. Boma lidapempha anthu kuti asayende pamseu, ndipo amene adali ku ntchito adauzidwa kuti aŵeruke msanga.

Chakumasana bwana wa ogulitsa uja adatiimbira lamya. Adati pali njira ziŵiri. Tingathe kunyamuka nthaŵi yomweyo pa galimoto kuti tikafike ku Stirling mseu usadatsekeke, kapena iye angathe kubweretsa mapepala ku hotela kuti tisaine podalira kanema tidaona uja. Adaonjeza kuti pali wogula wina amene akudikira, ndiponso kuti mtengo umene tidagwirizana ukutha Lachisanu.

Pano ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Ndidatenga pepala n'kuŵerengera ndalama zimene zidatsala m'thumba, mtengo wa chipinda usiku umodzi, ndi ndalama zosinthira tikiti ya ndege. Ndidaganiziranso manyazi obwerera kwathu chimanjamanja. Ndidapita kuchipinda kwa mnzanga uja maganizo anga atatsimikiza kale.

"Achikulire," ndidatero, "valani jasi tizipita. Makilomita 40 si ulendo, n'chimodzimodzi kuchoka mu Limbe kupita ku Thyolo. Ngati simukufuna kuyenda, ndiye tingosaina. Makina aja tawaona pa kanema."

Bamboyo adali atakhala pafupi ndi zenera akuyang'ana panja. Adayankha mosafulumira. "Bwana, inu ndinu wamkulu pa ulendo uno, ndipo cholembera chili ndi inu. Koma eni dziko, amene adabadwira m'chisanu chimenechi, akuthamangira kunyumba zawo. Ife alendo tikudziŵa chiyani choti tiziyenda pamene iwo akubisala? Kunena za kanema, ineyo kwathu adandituma kudzamva makina ndi makutu anga ndi kuwagwira ndi manja anga. Mukasaina, sainani, koma mukanene kuti ine sindidawaone."

Mau amenewo adandipweteka, pakuti adachokera kwa munthu amene pa ntchito adali pansi panga. Ndidatsikira kwa mayi wina wachikulire wolandira alendo pa hotelapo kuti andipezere galimoto yahayala. Mayiyo adandiyang'ana kumapazi, kenaka kumaso, nandiuza mwaulemu kuti palibe dalaivala wanzeru amene angavomere, ndi kuti mwana wake weniweni sakadamulola kupita. Pamenepo ndidagonja. Ndidaimbira ogulitsa ndi kuwauza kuti sitinyamuka ndipo sitisaina kufikira titaona makina, ndipo ngati wogula winayo alipodi, amugulitse. Usiku umenewo tulo sindidatione.

Kutacha Lachinayi, wailesi yakanema idasonyeza mseu wa M80, womwe uja ndinkati tidzere. Magalimoto pafupifupi 1,000 adali atagona pamenepo usiku wonse, atatsekeredwa ndi chipale ndi malole amene adalephera kukwera zitunda napingasa pamseu. Anthu adakhala m'magalimoto maola ochuluka m'chisanu choopsa, ena opanda chakudya, mpaka anthu okhala m'mbali mwa mseuwo adayamba kuwapititsira zakumwa zotentha. Nduna yaikulu ya Scotland ya nthaŵi imeneyo, Mayi Nicola Sturgeon, idadandaula m'nyumba ya malamulo kuti pamseupo padali malole ambiri amene sadayenere kukhalapo chenjezo litaperekedwa. Ndidadziyerekeza ndili m'gulu limenelo, ndi jekete langa ndi nsapato zosalala, ndipo ndidalephera kumuyang'ana mnzanga kumaso. Iye sadanene kanthu, adangondithirira tiyi. Akuluakulu adanena kuti safunsa adadya phula. Ine ndidatsala pang'ono kulidya ngakhale ndidali nditauzidwa.

Tsiku limenelo mzinda wonse udaima. Bwalo la ndege la Glasgow lidatsekedwa, sitima zapamtunda ndi mabasi sizidayende, sukulu zidatsekedwa, ndipo m'masitolo ambiri buledi ndi mkaka zidatha chifukwa malole obweretsa katundu sadathe kufika. Ku Edinburgh asilikali adathandiza kunyamula ogwira ntchito m'zipatala, ndipo anamwino ndi madokotala ena adayenda pansi maola angapo kuti akafike kwa odwala awo. Pa 1 Malichi pomwepo oyang'anira gasi m'dzikomo adachenjeza kuti gasi angathe kupereŵera, popeza nyumba iliyonse inkawotha. Kumwera nako namondwe wotchedwa Emma adakumana ndi mphepo yozizira ija, ndipo chenjezo lina lofiira lidaperekedwa kumwera kwa Wales ndi kumwera chakumadzulo kwa England.

Chimene chidandigwira mtima m'masiku amenewo ndi khalidwe la anthu wamba. M'maŵa aliyense ankatuluka ndi fosholo kukonza pakhomo pake, akatha n'kukonzanso pakhomo pa nkhalamba yoyandikana nayo. Galimoto ikatitimira, anthu osadziŵana ankathamangira kukaikankha. Kumidzi alimi ankatsegula njira ndi mathirakitala awo. Zidandikumbutsa momwe kwathu anthu amathandizirana mlatho ukakokoloka kapena denga la mnansi likasasuka.

Ife vuto lathu lidali la m'thumba. Ndege yathu ya Lachisanu idalephereka, ndipo chifukwa cha unyinji wa anthu odikira, malo adapezeka a Lachitatu la sabata yotsatira. Nditaimbira ku ofesi kupempha ndalama zoonjezera, woŵerengera chuma adandifunsa ngati n'zoona kuti chisanu chingatseke bwalo la ndege, kapena tangokomedwa ndi ku Ulaya. Sindidamuimbe mlandu, pakuti nanenso ndikadafunsa chimodzimodzi. Tidasamukira m'chipinda chimodzi cha mabedi aŵiri, ndipo tinkadya kamodzi patsiku. Ndidagulanso jasi ndi jombo pa mtengo umene ukadandigulira majasi angapo pa kaunjika paja ndidakana.

Loŵeruka tidalandira lamya kuchokera kwa mayi wina wa kwathu kuno amene ankagwira ntchito ya unamwino mumzindamo. Adamva za ife kudzera kwa achibale a mnzanga uja. "Achimwene," adatero, "mungagone ndi njala ife tilipo? Bwerani kunyumba." Amuna awo adadzatitenga wapansi, popeza galimoto yawo idali idakali yokwiririka. Tidadya nsima ya nyemba ndi usipa umene adausunga kuchokera kumudzi, ndipo sindikumbukira nsima ina imene idandikomera chotero. Mayiyo adali atagona kuchipatala masiku aŵiri chifukwa anzake oti amulandire ntchito adalephera kufika, komabe adatiphikira ndi manja ake.

Lolemba pa 5 Malichi chipale chidayamba kusungunuka, miseu idatseguka, ndipo ogulitsa aja adatitengera ku Stirling. Za wogula wina uja sadazitchulenso. Makina adali opukutidwa bwino, oŵala ngati atsopano. Atawayatsa, mapepala oyamba adatuluka okongola monga momwe tidaonera pa kanema, ndipo ine ndidayamba kufunafuna cholembera. Koma mnzangayo adapempha kuti awathamangitse pa liŵiro lake lonse kwa ola lathunthu, monga momwe timachitira usiku wosindikiza nyuzi. Adavula jasi, nayendayenda m'mbali mwa makinawo, akuika dzanja apa ndi apo, khutu ali tcheru. Makinawo atatentha, padayamba kumveka kaphokoso kachilendo mbali imodzi. Adatola pepala, naliyang'ana pa kuŵala, nandipatsa osanena kanthu. Mitundu ya inki idali itasiyana malo, moti nkhope ya munthu pa chithunzi inkaoneka ngati ili ndi maso anayi. Atatsegula mbali imeneyo adapeza kuti zitsulo zina zozungulitsa zidali zitadyeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikunena kuti ogulitsawo adafuna kutibera, chifukwa mwina iwonso adali asadawathamangitse motero kwa nthaŵi yaitali. Koma taganizani, aŵerengi, tikadasaina Lachitatu lija. Makinawo akadakwera sitima yapamadzi, n'kuyenda masabata ambiri kufika ku Beira kapena ku Nacala, n'kukwezedwa pa lole, n'kulipiridwa msonkho, ndipo vutolo tikadalitulukira ali kale m'nyumba mwathu, ndalama zonse zitapita. Zipangizo zake tikadaitanitsanso kunja komweko ndi ndalama zakunja zimene n'zosoŵa. Popeza tidaliona tili komweko, tidagwirizana polemba kuti ogulitsa asinthe zitsulo zodyekazo makina asadapakidwe, ndiponso kuti gawo lina la ndalama lidzaperekedwe makinawo akadzayenda bwino kuno kwathu. Ndidasaina Lachiŵiri, mnzanga ataŵerenga mzere uliwonse wonena za makina.

Tidafika kwathu Lachinayi pa 8 Malichi, titachedwa ndi masiku asanu. Ku ofesi tidapereka malisiti onse, limodzi ndi limodzi, pamodzi ndi lipoti. Ndalama za chipinda ndi za tikiti adazivomera, koma za jasi ndi jombo adandidula pa malipiro, ponena kuti munthu wopita ku Ulaya mwezi wa Febuluwale amayenera kudziŵa yekha kuti akupita kozizira. Sindidatsutse. Mayi akunyumba nawo adali ndi mau awo pa nkhaniyi, amene sindiwalemba pano.

Tsono kwa anzanga amene mumatumidwa kunja, ndili ndi mau ochepa. Musananyamuke funsani za nyengo ya kumene mukupita, pakuti pamene kuno kuli dzinja lofunda, kuyambira Disembala mpaka Malichi, ku Ulaya ndi ku America wakumpoto ndiye pachimake pa chisanu. Mukafika mverani machenjezo a eni dziko, ndipo musayese luso lanu pa nyengo imene simukuidziŵa. Koposa zonse, kumbukirani chimene adakutumani. Ine adandituma kukaona makina akuyenda, koma thumba litayamba kupepuka ndidaiŵala zimenezo n'kuyamba kuganiza za tsiku lobwerera. Munthu akakufulumizitsani kuti musaine lero chifukwa maŵa mtengo usintha, kapena chifukwa wogula wina akudikira, pamenepo m'pofunika kudekha koposa. Ndalama zimene mwanyamula n'za kampani, za mpingo, za alimi kapena za anthu okhoma msonkho, ndipo iwo sali pamenepo kuti adzionere okha.

Kwa olemba anthu ntchito, pempho langa ndi lakuti mukamatuma munthu kudziko lozizira m'miyezi imeneyi, muzimuikira masiku aŵiri kapena atatu apadera ndi ndalama zake. Wantchito amene akuŵerengera makobiri otsiriza m'chipinda cha hotela saganiza bwino, ndipo angathe kuika moyo wake pangozi kapena kusaina zoipa pofuna kupulumutsa ndalama zochepa. Muzitumanso munthu wodziŵa ntchito yeniyeniyo, ngakhale alibe digiri kapena salankhula Chingerezi chosalala, ndipo muziuza wotsogolera ulendo kuti azimumvera. Ulendo wathu udapulumuka chifukwa cha bambo waimvi uja, amene ine ndidamuseka pa Chileka chifukwa cha chipeŵa chake chaubweya.

Nkhaniyi ikukhudzanso ife amene sitikwera ndege. Nthambi yathu yoona zanyengo imachenjeza pa wailesi za mvula yamphamvu ndi anamondwe, ndipo tidaona mu Malichi 2023 zimene namondwe Freddy adachita m'chigawo chakumwera. Komabe chaka ndi chaka timamva za dalaivala amene waloŵetsa galimoto yodzaza anthu pamlatho womira chifukwa bwana akudikira katundu, kapena msodzi amene waloŵa panyanja mwera utalengezedwa. Maganizo amene amawakankha ndi omwe aja adandikankha ine ku Glasgow: ntchito ikuchedwa, ndalama zikutha, ndipo mtunda wake ndi waufupi. Bwana wanzeru angakonde kulandira katundu wake mochedwa kusiyana ndi kulandira uthenga wamaliro, ndipo wantchito ayenera kulimba mtima kumuuza kuti lero sikuyendeka, tidikire kuche.